Kansalu ka Pamphuno

Pakhonde la shopu yanga pamsika wa Petauke ndasokapo madiresi aukwati osawerengeka, mayunifolomu a sukulu ndi masuti a abusa. Koma mutandifunsa chimene ndimanyadira pa zonse zimene manja angawa anadulapo, ndingakuonetseni kansalu kosaposa chikhatho, koboola pakati, kosapinda n'komwe m'mphepete. Atelala anzanga amaseka ndikatero, ndipo ndimangowasiya chifukwa nkhani yake saidziwa.

Amuna anga ndi dalaivala wa lole. Nyengo yokolola amatuta thonje m'midzi ya ku Ndake, cha ku Nyimba, kupita nalo kudepoti. Kuliza mkonono anayamba kalekale, ndipo ndinauzolowera monga amazolowera chigayo munthu womanga nyumba pafupi nacho. Chimene sindinazolowere ndi kuduka kwake. Mkonono unkangoti zii, chifuwa n'kuima, ine n'kumawerenga chamumtima mpaka adzidzimuke akubanika. Kukacha ankadzuka mutu ukuwawa, nkhope atakwinya, ndipo supuni ikangogwa ankakalipa mpaka aneba kumva. Ndikawauza kuti amasiya kupuma akagona, ankati ndimalota ndine.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anasinza pachiwongolero atangodutsa Nyimba. Lole inasiya msewu n'kukaima m'munda mwa eni ake, thonje lili mbwee. Sanavulale, koma mwini lole anawalanda makiyi n'kuwauza kuti asakwerenso mpaka atabwera ndi kalata ya dokotala. Nyengo ya thonje yotsatira ikadzakwana kalatayo palibe, lole idzapatsidwa wina. Kwa abale awo amuna anga anangonena kuti linaphulika tayala, ndipo anandiletsa kuwonjezerapo kanthu.

Kuchipatala ku Lusaka anawagoneka atawamata timawaya, n'kupeza kuti kummero kwawo kumatsekeka akagona. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito komweko anathamangathamanga kwa miyezi mpaka makina anapezeka. Ndi kabokosi kopopa mpweya, kokhala ndi paipi yaitali ndi masiki ya mphira yovindikira mphuno, yomangira malamba kumutu. Adokotala anati m'kabokosimo muli kakhadi kolemba maola amene munthu wagona atavala, ndipo kalata adzalemba kakhadiko kakadzaonetsa mwezi wathunthu. Apa thonje linali litayamba kale kuyera m'minda.

Sabata yoyamba yomweyo mphira unawadya pamene mphuno imayambira, pakati pa maso, mpaka panatuluka chilonda. Malamba ankasiya mizere m'masaya yosafufutika mpaka masana. Atapita kukameta tsitsi, madalaivala anzawo anawafunsa ngati ndayamba kuwamanga pakamwa ngati ng'ombe yopalira m'chimanga. Anabwera kunyumba atafufuma, chakudya osachikhudza. Kuyambira tsiku limenelo ankavala pogona kuti ndione, ine ndikangotembenuka n'kuvula. M'mawa ndinkapeza masiki ili pansi pa bedi ikupuma yokha.

Ndinapsa mtima, koma nditayang'ana chilondacho ndinaona kuti ngakhale ine sindikanapirira. Ndiye ndinati vuto la chovala chothina ndi la telala, ndipo telala m'nyumba muno alimo.

Poyamba ndinalakwa monga angalakwire telala aliyense wosoka majekete. Ndinaganiza kuti chofewa ndi chonenepa, ndiye ndinasoka kapilo ngati ka paphewa la jekete, n'kuikamo thonje la ku Ndake lomwelo. Masiki inakhala pamwamba, mpweya n'kumathawira m'mbali ukuliza mluzu. Kutacha maso awo anali psuu, akuyetsemula ulusi wa thonje. Mwana wathu atakafunsa kuchipatala, anamuuza kuti nsaluyo ikhale imodzi yokha, yopyapyala, yofewa. Ndinadula ina, n'kuipinda bwinobwino m'mphepete monga ndinaphunzirira ntchito, msoko wowongoka woti munthu n'kuusirira. M'mawa mwake msoko wangawo unali utadindika pankhope yawo kuzungulira mphuno yonse.

Apa ndiye panandivuta. Ine amene ndinaphunzitsa asanu kusoka, n'kumawasomboletsa diresi lonse chifukwa cha mpendero wokhota, ndinayenera kutulutsa nsalu yosapinda m'manja mwanga. Ndinakhala tsiku lonse ndikuzengereza. Madzulo ake ndinatenga pepala la shuga, ndinalikanikiza pakamwa pa masiki, n'kujambula ndi choko kuti ndipeze patani. Kenako ndinayamba kuyesa nsalu patsaya langa, imodziimodzi, maso nditatseka. Zatsopano zonse zinkakanda. Yofewa kuposa zonse inali chitenje changa chakale chimene ndinaberekera ana anga onse, chochapidwa mpaka maluwa ake anafufutika. Ndinachidula ndi sizasi ya manomano kuti chisamasomboke, tinsalu tisanu ndi tiwiri, kamodzi patsiku. Malamba ndinawasokera timanja ta bulangete lofewa la mwana. Paipi ndinaikoleka ndi mphira wa chubu cha njinga pamsomali wa neti, kuti akatembenuka isamakoke masiki.

Kwa masabata atatu ndinakhala ndi mwamuna amene ndinali nditamuiwala. Chilonda chinapola. Ankadzuka ine ndisanadzuke, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Anakonza chitseko chimene chinakhala chikulendewera zaka zitatu, ankandinyamulira mashini osokera mpaka kushopu, ndipo tsiku lina ndinawapeza akutsuka mbale popanda wowatuma. Ndinkayenda pamsika ngati ndapambana chikho, ngakhale sindinkauza munthu chifukwa chake.

Ndiye kunabwera alamu anga ochokera ku Nyampande, atasenza thumba la mtedza. Iwowa ndi mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, amene anawalera amayi awo atamwalira, ndipo mawu awo kubanjako sagwa pansi. Makina tinawavindikira ndi nsalu kuchipinda, chifukwa eni ake sankafuna kuti abale adziwe. Koma maso a alamu saphonya kanthu. Anaona mlongo wawo, amene ankamudziwa kuti ndi waukali, akundithirira madzi osamba m'manja. Anaonanso tinsalu toboola pakati tili pachingwe kuseri kwa nyumba, ndipo chitenjecho anachizindikira. Atafunsa mlongo wawo, iwo ndi manyazi anangoyankha kuti amaika pamphuno akamagona, osalongosola zina.

Pochokera kumsika tsiku limenelo ndinamva fungo la nsalu yopserera ndisanalowe pageti. Tinsalu tonse, ndi chotsala cha chitenje chija, zinali phulusa pambaula. Alamu anali chikhalire pampando, manja atapinda.

"Alamu, ise si ana," anatero. "Chitenje cha m'chiuno mwa mkazi pamphuno ya mwamuna usiku onse, manje mlongo wanga atsuka mbale. Ni kondaine iyi, si vina ai."

Ankatanthauza kuti ndinawachitira amuna anga mankhwala achikondi kuti apuse. Lilime langa amalidziwa onse pamsika, ndipo mawu anali atafika kale pamilomo. Ndinayang'ana amuna anga kuti alankhule ndi iwo, chifukwa mlongo ndi wawo. Iwo anangozyolika, akuyang'ana zala za kumapazi. Zimenezo zinandipweteka kuposa moto uja, ndipo ndinalowa kuchipinda n'kukalira mokwiya.

Ndinadzitonthoza kuti mlendo ndi mame. Koma mame amenewa anali atanena kale kuti akhala sabata yonse, ndipo kumwezi wa adokotala kunatsala masiku asanu ndi anayi okha. Nsalu ina yofewa ndikanaipeza, koma amuna anga anati ndisadule chilichonse asisi awo ali pakhomo. Tsiku loyamba anavala masiki yopanda kanthu, chilonda n'kutseguka, n'kuivula usiku usanathe. Lachiwiri sanavale n'komwe. M'mawa wotsatira ndinawapeza akusinza pampando, kapu ya tiyi itapendekeka m'manja, tiyi akudonthera pathalauza.

Ndinawalanda kapuyo, n'kuwauza motsitsa mawu kuti alamu asamve.

"Bambo, lole ipita kwa wina chifukwa muopa kukamba na asisi anu. Ine nachita mbali yanga. Vasala ni vanu."

Ndinapita kushopu, ndipo tsiku limenelo ndinasokera dzanja la diresi la kasitomala chagada.

Nditabwerako masana ndinapeza makina ali patebulo pabalaza, poyera, atalumikizidwa kumagetsi. Amuna anga anali akufotokozera asisi awo zonse, kuti silinaphulike tayala koma iwo anagona pachiwongolero, kuti amasiya kupuma, kuti makiyi analandidwa. Anati mbale amatsuka chifukwa tsopano amadzuka ndi mphamvu zosowa pozithera. Alamu ankangoti mutu pukupuku, osakhulupirira. Pamapeto pake amuna anga anatenga masiki n'kuwapatsa kuti ayese okha.

Alamu si munthu wothawa akaputidwa. Anavala pamwamba pa duku, mlongo wawo n'kuwamanga malamba, makina n'kuyamba kupopa. Ine ndinapita kukateleka madzi a tiyi kuti ndisaseke pamaso pawo. Madziwo asanawire, anali atavula kale, akutulutsa misozi, pamphuno pali mzere wofiira. Kenako anamuitana mlongo wawo, munthu wa imvi zake, n'kumugwira chibwano ngati mwana, akuyang'anitsitsa chilonda chija.

Kupepesa sanapepese, ndipo amene amawadziwa sangadabwe. Anapita pachikwama chawo n'kusolola chitenje chakutha chimene amafunda kumapazi, n'kundiponyera pamiyendo.

"Ngati ni nsalu chabe, dulani iyi. Ni ya kwathu."

Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma wanga anabwera ndi chitenje chakutha. Ndisabise, mumtima ndinkafuna chikhale chokanda kuti ndiwabwezere. Ndinachiika patsaya, maso nditatseka. Chinali chofewa kuposa changa chija, ndipo zinandinyansa kuvomera. Ndinatenga patani yanga ya pepala la shuga ndi sizasi, n'kuyamba kudula pomwepo iwo akuonerera. Nditamaliza koyamba anakatembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti ndine telala wanji wosapinda nsalu. Ndinawayankha mwaulemu wonse umene ndinaupeza, kuti kupinda angapinde wina aliyense, koma kudziwa posafunika kupinda kunanditengera zaka makumi atatu pamashini. Anandiyang'ana cham'mbali, n'kunena kuti ndidule tokwanira sabata yonse. Mpaka lero ku Nyampande amauza anthu kuti mlongo wawo anamuchiritsa ndi iwo, ndipo ine sindinapiteko kukatsutsa.

Tsiku lokawerengetsa kakhadi ndinatseka shopu n'kupita nawo ku Lusaka. Adokotala anayang'ana pakompyuta, n'kuloza masiku awiri aja, kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Amuna anga anati kunyumba kunali alendo. Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ananso masiku ena onse, kenako anapempha kuona masiki. Kansalu ka alamu kanali momwemo. Anakatulutsa, anakayang'ana pawindo, n'kufunsa kuti tinagula kuti, chifukwa odwala awo ambiri amasiya makina kaamba ka chilonda chomwechi.

"Si vogula, adokotala," anatero amuna anga. "Anadula ni amai awa. Ni atelala a ku Petauke, ndipo kulibe wina angawapose."

Munthu ameneyu sanayamikirepo ngakhale ndiwo zanga chikwatirane. Ndinanyada mpaka makutu kutentha, ndipo patani yanga ya pepala la shuga ndinawajambulira anamwino awiri tisanatuluke. Kalata inalembedwa, ndipo amuna anga anaimbira mwini lole tili pakhomo pa chipatala. Mwini loleyo anawauza kuti abwere Lolemba adzatenge makiyi.

Pobwerera tinakwera basi ya m'mawa. Zaka zonse zimene tayenda limodzi, iwo ankagona basi isanatuluke n'komwe mumzinda, ine n'kumalondera katundu. Ulendo uwu anali maso njira yonse, dzanja lili pathumba la malaya pamene panali kalata, akundionetsa mapiri ndi malo okhota amene madalaivala amawaopa. Ndinamva mpaka pamlatho wa Luangwa, kenako sindikudziwa chimene chinachitika. Ndinadzidzimuka akundigwedeza paphewa, amayi ogulitsa nthochi ali pamawindo.

"Amake mwana, ukani, tafika pa Nyimba," anatero akuseka. "Muliza mkonono, anthu onse amvela."