Chipepala cha pa Windo Lathu

Ndikamva fungo la zovala zonyowa zikuuma pa hita, ndimabwerera ku Hull, mzinda wa kuno kwa azungu, m'kanyumba kathu ka njerwa zofiira kufupi ndi mtsinje. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndi amayi tinkadikira yankho la boma pa pempho lathu lokhala m'dziko muno, ndipo amayi sankaloledwa kugwira ntchito kapena kusamuka. Ndidakali nalo buku limene ndinkalembamo tsiku ndi tsiku. Tsamba lina likuyamba motere: "Loweruka. Ndadzuka ngati wina wandikhalira pachifuwa. Pabalaza pali mdima."

Mdimawo unabwera ndi eni nyumba. M'dera lathu munkakonzedwa referendamu yoti anthu asankhe ngati akufuna doko la sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okaona maiko. Eni nyumba ankalifuna dokolo. Lachisanu, ife titapita kukasaina ku ofesi yoona za olowa m'dziko, iwo anatsegula ndi kiyi wawo n'kumata chipepala chachikulu chobiriwira, cholembedwa YES, mkati mwa windo lathu lokhalo loyang'ana kumsewu.

Dokolo likanameza madimba a m'mbali mwa mtsinje. Limodzi linali la a Doreen, mayi wamasiye wa nyumba yogundizana ndi yathu. Iwo anapatsa amayi mizere itatu, ndipo amayi anadzalamo mpiru ndi maungu. M'mawa uliwonse a Doreen ankagogoda khoma kawiri ndi ndodo yawo, amayi n'kuvala jombo. Ankabwerako akuimba, manja ali matope. Kupatula kutchalitchi ndi ku ofesi kuja, kwina kopita analibe. Chipepala chitamatidwa, khoma linangoti zii. A Doreen ankadutsa pakhomo pathu nkhope atalozetsa kwina, ndipo jombo za amayi zinauma kuseri kwa chitseko.

Kusukulu aphunzitsi anatigawira pepala la malamulo a kampeniyo. Mbali zonse ziwiri zinayenera kupatsidwa nthawi yofanana pamisonkhano, ndipo munthu sankayenera kukakamizidwa kuonetsa chizindikiro cha mbali iliyonse panyumba yake. Ndinadula mzere kunsi kwa mawu amenewa ndi bolopeni yofiira, n'kuthamangira kunyumba.

"Amayi, tili ndi ufulu wochichotsa! Onani, zalembedwa apa."

"Usachikhudze," anatero amayi. "Nyumba ndi yawo, kiyi ndi wawo. Akakatinenera kuti ndife ovuta, ukayankha ndiwe?"

"Koma ndi lamulo!"

"Ndamva, a loya. Kwathu pa referendamu ya matipate ndinavotera nyali osauza ngakhale bambo ako. Katenge beseni."

Ndinawaona ngati munthu wamantha, ndipo ndinalemba choncho m'buku langa.

Sabata imeneyo amayi anayamba kuchapa ngati asokonezeka. Anachapa matawulo, zitenje, mabulangete, ngakhale juzi yanga yasukulu yomwe inali yoyera kale. Sankafinya kwenikweni. Zonse ankaziyanika pa hita ya pansi pa windo lija, zitseko atatseka, ketulo ikuwira pafupi. M'nyumba munkamveka sopo ndi nkhungu. Madzi ankatsetsereka pagalasi, ndipo kuwala kochepa kodutsa m'chipepalacho kunkasandutsa nkhope zathu zobiriwira. Ndinkalemba homuweki pamapepala ofewa ndi chinyontho, ndikulakalaka kutsegula windo. Amayi ankangoti kunja kukuzizira.

Tsiku lachitatu selotepi ya pakona imodzi inamatuka. Tsiku lachisanu tinapeza chipepala chitagwera kuseri kwa hita, chitanyowa, utoto utasungunuka. Eni nyumba anabwera ndi china, akudandaula za chinyontho. Amayi anaima atapinda manja mwaulemu. "Sorry, sir," anatero. "Mvula ya kuno." Chachiwiricho sichinathe masiku anayi. M'mawa wotsatira dzuwa linalowa mpaka pa tebulo, ndipo ndikumwa tiyi ndinamva khoma likugogodwa kawiri. Amayi sanandiyang'ane. Anangowerama n'kukoka jombo zawo. Masana anabwera ndi nkhwani wodzaza jumbo.

Voti inachitika popanda ife, poti tinalibe ufulu woponya nawo. Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimadziwa kutalika kwa nthawi imene bulangete losafinya limatenga kuti liume, komanso kuwawa kwa msana wa amene walichapa katatu pa sabata. Pamenepo sindinkadziwa. Tsamba la tsiku limene khoma linagogodwanso lija likutha ndi mawu awa, olembedwa mosamala: "Selotepi ya eni nyumba ndi yachabechabe, Mulungu watithandiza. Koma mawa ndiwachenjeza amayi kuti asiye kuyanika zovala pansi pa windo, kuopa kuti anthu angaganize kuti tikuchitira dala."