Mudikire Belu

Dzulo ndikuchapa kabudula wa mdzukulu wanga, ndinapeza kachidutswa ka choko m'thumba. Fungo la choko chonyowacho linandibwezera ku Sitandade 3, pasukulu ya mishoni kufupi ndi Milonde, nthawi ya Chitaganya.

Lamulo linali lakuti m'kalasi tizilankhula Chingerezi chokha. Ukatulutsa mawu a Chinyanja unkalandira chikoti. Akakhala a Chilomwe, chikoti chomwecho, kenako ukakumbe dzenje. Aphunzitsi athu, amene sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji, ankati iwo Chilomwe sachimva n'komwe.

Tsiku lina m'mawa tikubwereza ziganizo mokuwa, pakhomo panaima mayi achikulire, opanda nsapato, thukuta lili kamukamu. Anawaitana aphunzitsi m'Chilomwe, ndi dzina lawo lapaubwana. Aphunzitsi sanacheuke. Anayankha m'Chingerezi, maso ali pabolodi, kuti akadikire panja mpaka belu lilire.

Mayi aja anayang'ana ine, poti ndinkakhala pafupi ndi chitseko.

"Mwanawe, akuti chiyani mwana wangayu?"

Tonse tinkadziwa kuti amayi awo a aphunzitsi amakhala ku Blantyre, m'nyumba yamalata. Anatiuza ndi iwo omwe. Ndinanong'ona kuti: "Akuti mudikire belu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Umuuze mzungu wakoyo, m'chinenero chakecho, kuti bambo ake amwalira mbandakucha."

Ndinafunafuna mawu a Chingerezi, koma sanafunikenso. Aphunzitsi anali atagwada kale pafumbi, atagwira chitenje cha mayi awo, akulira m'Chilomwe chosalala kuposa cha kunyumba kwathu.