Tebulo la Anthu Khumi ndi Awiri

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene ndinagulitsa thonje langa lomaliza. Popita kumsika thonjelo linadzaza ngolo, ng'ombe zikuchita kupumira m'mwamba. Pobwerako ndalama zake zonse zinakwana m'thumba la malaya, batani n'kutseka bwinobwino. Akazi anga, amake Zelesi, sanafunse kuti ndapeza zingati. Anangondiyang'ana kumaso. Ndinati, "Ine ndipita ku Lusaka." Iwo anati, "Chabwino, koma muyambe mwadya."

Kwathu ndi ku Vubwi, koma ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, ndipo ndinkakhala komweko monga mkamwini. Kudya kwa mkamwini n'kodziwika. Amake Zelesi ankabwera pakhonde ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada, kuika mbale, kenaka n'kubwerera kuseri kwa nyumba kumene ankadyera pamodzi ndi amayi awo ndi mwana. Apongozi angawo, mayi wamasiye wa mawu ochepa, sindinawaonepo akutafuna. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'udzu, moni n'kupatsana chapatali, aliyense akuyang'ana kwake. Sindinkaonapo chachilendo chilichonse, poti atate anga nawonso anadya choncho moyo wawo wonse. Pamene ndinkakwera basi, Zelesi, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zitatu.

Msuweni wanga anandipezera ntchito yotsuka mbale pa msewu wina wa malesitilanti, pakati pa Emmasdale ndi Chaisa. Msewu umenewo ndi waufupi, koma ukauyenda wonse umamva zilankhulo zoposa zala za dzanja limodzi, ndipo khomo lililonse lili ndi fungo lakelake. Mpaka lero anthu a kuno akamapita ku Lusaka ndi ana amandifunsa kokadya, ndipo ndimawauza ngati ndinachokako dzulo. Kwa amwenye kuli bwalo la kapinga ndi katungwe, ana amasewera makolo akudikira chakudya, koma muwauziretu za tsabola, apo ayi mwana adzalira mpaka kunyumba. Kwa mayi wa ku Kongo kuli nsomba yootcha ndi chigwada chokoma kuposa cha kwathu, ndikuvomera, koma Loweruka musapiteko ndi khanda chifukwa nyimbo zake zimagwedeza mbale. Kwa Asomali mumadya mpunga wa nyama ya mbuzi, ndipo pambali amakuikirani nthochi yakupsa. Musaisunge kuti mudye pomaliza. Imadyedwa pamodzi ndi mpungawo.

Ine ndinayambira kwa anthu a ku Ethiopia. Kumeneko chakudya chimabwera m'mbale imodzi yaikulu ngati lichero. Pansi pake amayala mkate wopyapyala, wofewa, wowawasa ngati thobwa logonetsa, ndiwo zonse n'kuziika pamwamba. Banja lonse limazungulira mbaleyo: bambo, mayi, ana, agogo. Sinki yanga inali pafupi ndi kazenera koperekera chakudya, choncho ndinkaona zonse. Lamulungu lina ndinaona bambo wina akunyema mkate uja, kukulungamo nyama, n'kuika yekha m'kamwa mwa mwana wake wamkazi. Mwanayo naye anakulunga kake n'kudyetsa bambo ake, msuzi ukuyenderera m'ndevu, onse akuseka. Ndinatsuka mbale imodzi yomweyo mpaka wophika anandikuwira. Ndinachita nsanje, sindibisa.

Antchito tinkadya choimirira kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mabotolo a gasi, aliyense maso ali pafoni. Ndalama zinali zochepa koma zinkabwera mwezi ndi mwezi, zimene thonje silinachitepo. Ndinkatumiza pafoni, amake Zelesi n'kukatapa ku Sinda. Nyumba inafoleredwa ndi malata, feteleza ankagulidwa mvula isanagwe. Chimene sichinkayenda ndi kulankhula. Amake akati, "Bwera ulankhule ndi atate ako," ndinkamva kupuma kokha, kenaka kamawu kakuti, "Muli bwanji," foni n'kubwerera kwa amake.

Ndinkapita kumudzi pa Khirisimasi pokha, masiku anayi kapena asanu. Zelesi ankagwada patali, kupereka moni waulemu, n'kuthawira kwa ambuya ake. Ine n'kukhala pakhonde ndi mbale zanga monga kale. Chaka chachitatu, ndili pakhonde pomwepo, ndinamumva kuseri akufunsa amake kuti, "Alendo aja apita liti?" Amake anamukalipira, koma mawuwo anali atandifika kale. Ndinakwera nawo basi, ndipo sananditsike mpaka ku Lusaka.

Zaka ziwiri zomaliza ndinagwira kwa a Yusufu, Msomali wa lesitilanti ya mpunga ija, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuphika. Lesitilanti yawo inali ndi chipinda cham'mbali chotchingidwa ndi nsalu yobiriwira, mmene amayi ankadyera ndi ana aang'ono. Ine, amene ndinali nditaona za ku Ethiopia zija, ndinkadziona wotsogola. Tsiku lina tikusenda anyezi ndinawafunsa chifukwa chimene amabisira azimayi kuseri kwa nsalu. A Yusufu anayankha m'Chinyanja chawo cha mu Lusaka.

"Iwe Sakala, amai banga sibangadye pamene bamuna bachilendo balipo. Nikachosa nsalu, bazankala ku nyumba. Manje ufuna badye kuti?"

Ndinangoseka. Mumtima ndinati akuluwa ndi achikale.

Nditakwanitsa zaka zisanu ndinabwerera. Ndinachita lendi kachipinda ku Katete, pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Chipata, kuti nditsegule lesitilanti yangayanga, yoti mabanja azidyeramo. Ndisanagule ngakhale mapoto ndinapita kwa kalipentala kukaitanitsa tebulo limodzi lalitali la mlombwa, la anthu khumi ndi awiri. Kalipentalayo anachotsa pensulo kukhutu n'kundiyang'ana.

"Bosi, iyi tebulo ni ya miting'i ya komiti, kapena?"

"Ndi ya banja," ndinatero.

"Banja la kuti limene lidya so?"

Ndinkadziwa chimene ndinkafuna. Ndinkafuna kuti lesitilanti isanatsegulidwe kwa anthu, oyamba kudyera patebulolo akhale a m'nyumba mwanga, ndipo Zelesi akhale pafupi nane, aone kuti munthu wa pakhonde uja si mlendo. Nditawauza amake Zelesi pafoni, anayamba kundifunsa.

"Nanga amayi muwaika pati?"

"Patebulo."

"Inu mukhala pati?"

"Patebulo pomwepo."

"Atate ake Zelesi," anatero mofatsa, "mwakhalitsa ku Lusaka."

Anabwera Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, atatu onse, pa minibasi yochokera ku Sinda. Ndinali nditapha nkhuku yakumudzi, kuphika mpunga wa a Yusufu ndi nthochi zake, chibwabwa chotendera, ndi nsima ya amene sakhuta mpunga. Ndinagawiratu m'mbale, aliyense yake, monga tinkachitira m'tawuni. Nthutumba ya nkhuku ndinaiika m'mbale ya apongozi, poti ndiwo anali aakulu pa tonse.

Apongozi anaima pakhomo, anawomba m'manja, n'kundipatsa moni akuyang'ana khoma. Ndinawakokera mpando. Anakhala, koma kunsonga kwenikweni, ngati munthu amene akudikira dokotala. Ndikudziwa tsopano kuti anakhalira kuti asandichititse manyazi. Ine ndinakhala moyang'anizana nawo, Zelesi ndinamuika kudzanja langa lamanja. Ndinapemphera, ndinasamba m'manja, n'kukankhira beseni kwa iwo. Sanasambe. Chakudya chinkazizira, panja kondakitala akuitanira anthu a ku Chipata.

Kenaka apongozi analankhula, osati kwa ine koma kwa mwana wawo. "Uwauze atate ake Zelesi kuti aphika bwino. Koma mwendo wangawu sugwirizana ndi mipando."

Ananyamula mbale yawo n'kutulukira khomo lakumbuyo, kumene ndinkasunga matumba a makala. Amake Zelesi anandiyang'ana, osati mokwiya, n'kunyamula yawo kutsatira amayi awo. Zelesi anatsala kamphindi, miyendo ikulendewera pampando. Anayang'ana ine, anayang'ana khomo, n'kutsetsereka pansi ndi mbale yake.

Ndinatsala ndekha ndi mipando khumi ndi umodzi. Ndinakwiya, ndipo ndinawakwiyira apongozi. Ndinati zaka zisanu ndakhala ndikudya choimirira pafupi ndi mabotolo a gasi kuti nyumba yawo isadonthe, iwo alephera kupirira mpando kwa theka la ola. Posakhalitsa kuseriko kunayamba kumveka kuseka, mawu a Zelesi ali pamwamba, akusimba za mphunzitsi wake. Mwana amene pafoni ankangopuma, kumeneko pakamwa sipankatsekeka. Mkwiyo unatha, panatsala chisoni chokha. Chakudya sindinachikhudze.

Ndinamva mapazi. Anali Zelesi, atanyamula ndi manja awiri mbale yovindikira ndi inzake. Anagwada pambali pa mpando wanga.

"Ambuya akuti mwasokoneza. Ichi n'chanu."

Ndinavundukula. Inali nthutumba ija, yosakhudzidwa, atathirapo kamsuzi pang'ono.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kwathu nthutumba ndi ya mwamuna wa pakhomo, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Chimene ndinali ndisanaganizepo n'chakuti zaka zonse za ukamwini wanga, ndi pa Khirisimasi iliyonse imene ndinkabwera, nkhuku ikaphedwa nthutumba inkapezeka m'mbale yanga pakhonde paja. Amene ankagawa ndiwo kuseri kuja anali apongozi. Mudzi unali wawo, alongo awo ankabwera kudzadya, akanatha kupatsa aliyense. Ine ndinkangodya, osafunsa kuti yadzera m'manja mwa yani.

Zelesi anadzuka kuti azibwerera. Asanafike pakhomo, mawu a apongozi anamveka kuseri kwa khoma, okweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Zelesi, khala konko. Atate ako adya okha mokwanira."

Mwanayo anaima. Anabwerera pang'onopang'ono n'kukhala, koma anasiya mipando iwiri pakati pathu. Amake anabweretsa mbale yake, anaiika patebulo, n'kutuluka. Ndinadula nthutumba pakati. Ndinakumbuka bambo wa ku Ethiopia uja, dzanja langa n'kufuna kupita kukamwa kwa mwana, koma ndinadziletsa. Zokwanira zinali zitachitika tsiku limenelo. Ndinangomupatsira, iye n'kulandira ndi manja awiri. Anaitafuna nthawi yaitali, nkhope ili yoganiza.

"Ndi yolimba," anatero.

"Ndi mmene imakhalira."

Anadya mpunga pang'ono, kenaka analoza ndi chala. "Nanga nthochiyi mwaiikiranji pa mpunga?"

Linali funso loyamba limene mwana wanga anandifunsapo. Ndinamuuza za a Yusufu, za mayi wa ku Kongo ndi nyimbo zake, za katungwe wa kwa amwenye. Anafuna kudziwa ngati katungweyo amalipiritsa, ndiponso ngati ana a ku Somalia amapita kusukulu Loweruka. Sindinaone nthawi imene anasunthira, koma pomaliza kudya panali patatsala mpando umodzi wokha pakati pathu.

Sabata yotsatira ndinaitana kalipentala uja kuti adule tebulo pakati. Anabwera ndi sowo yake akumwetulira, ndipo ndinamuuziratu kuti akanena kanthu sadya. Theka lina ndinaliika kutsogolo. Linalo analifupikitsa miyendo, ndinaliika chakumbuyo, n'kuyala mphasa pansi, ina n'kuipachika ngati nsalu yobiriwira ya a Yusufu. Ndinawatumizira a Yusufuwo chithunzi chake pafoni. Anayankha ndi mawu awiri okha: "Waona manje."

Masiku a msika mabanja amabwera ndithu, ochokera ku Mkaika, ena mpaka ku Vubwi kwathu. Achinyamata amakhala kutsogolo ndi ana awo, mbale imodzi, ndipo ndimakondwa kuwaona. Akabwera ndi apongozi, sindifunsanso. Ndimangokweza mphasa n'kuloza, ndipo mayi wachikulire amene analowa atauma thupi amatuluka atakhuta. Ana ndiwo amayenda uku ndi uku, kunyamula mchere, fupa, ndi nkhani za mbali inayo.

Ndinapita ku Lusaka ndikuganiza kuti kwathu sitidyera pamodzi. Timadyera pamodzi ndithu, kungoti pakati pamadutsa mwana ndi mbale. Amake Zelesi ndi Zelesi tsopano tikukhala limodzi ku Katete, ndipo apongozi amabwera Lamulungu loyamba la mwezi. Amakhala kuseri kwa mphasa, ine kuno, n'kumakambirana za mvula ndi mitengo ya feteleza popanda kuonana. Mpaka lero sindinawaonepo akutafuna. Nkhuku ikapsa, nthutumba ndimaiika m'mbale yawo mwadala, ndipo iwo amadziwa kuti ndi dala. Sipapita nthawi, mphasa imagwedezeka, Zelesi n'kutulukira ndi mbale yovindikira.

"Atate, mwasokonezanso," amatero, akukoka mpando wa pafupi ndi ine.