Rediyeta Imene Ankati Yabedwa

Boti linafika pa Area 10 Lachisanu masana, likukokedwa ndi lole, fumbi lili koboo kumbuyo kwake. Ine ndinali pa chingwe, ndikuyanika matewera. Ndinaima ndi thewera m'manja, chifukwa chibwerereni ku Lilongwe madzi aakulu amene ndinali nditaona ndi a mu Lingadzi, amene nthawi ya chilimwe mwana amaoloka osanyowetsa kabudula.

Inali nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba. Tauni yatsopano inali njerwa, mchenga ndi misewu yotakata yothera m'tchire. Abwana athu anabwera limodzi ndi ofesi yawo, ndipo anapatsidwa nyumba yaikulu ya kapinga kutsogolo. Ife tinkakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito ka zipinda ziwiri: ine, amuna anga ndi ana atatu. Amuna anga anali osamalira maluwa. Kanyumbako kanali ndi magetsi ndi mpopi pakhomo, ndipo ana awiri anali atayamba sukulu. Ndinkathokoza Mulungu m'mawa uliwonse chifukwa cha mpopi umenewo. Koma lamulo linali lodziwika kwa aliyense wokhala kuseri kwa nyumba za ku Area: ntchito ikatha, nyumbanso yatha tsiku lomwelo.

Asanagwire khasu la maluwa, amuna anga anakhala zaka zambiri m'maboti a nsomba ku Monkey Bay, pansi pomwe pamakhala injini. Anayamba ndi kupukuta oyilo, mpaka anafika poti injini ikasintha kaliridwe ankadzuka ngakhale ali m'tulo. Eni maboti atasiya ntchitoyo, tinamva kuti ku likulu latsopano ntchito zili mbwee. Anazungulira magalaja onse a ku Old Town, ndipo kulikonse ankafunsa satifiketi. Iwo anali ndi khutu lakumanzere logontha ndi phokoso, ndi zipsera m'zala. Zimenezo sizilowa mu envulopu.

Botilo abwana anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Chifukwa chake n'choti anzawo a ku ofesi anali atayamba kumapita ku Salima Loweruka, ndiye iwonso anafuna kukhala ndi chonena. Abwanawo sindinawaonepo ali m'madzi opitirira a m'bafa. Analikhazika pansi pa mtengo, pa ngolo yake ya matayala awiri, moyang'ana chipata kuti odutsa aziliona.

Lamulungu loyamba, atachoka ku tchalitchi, anabwera ndi alendo. Anaimika makwerero, nakwera ndi nsapato za ku tchalitchi zomwezo, atavala chisoti choyera chimene anachipeza m'botimo. Anapotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, kenako inayamba kugunda, thu thu thu, ndipo azimayi a alendowo anaomba m'manja.

Amuna anga anali pa maluwa a kuchipata. Ndinawaona akuponya khasu pansi. Anapita, navula chipewa, naima pansi pa makwerero.

"Pepani bwana. Injiniyi musamailize pamtunda. Imafuna madzi."

Abwana anayang'ana alendo awo kaye, kenako anayang'ana pansi.

"Iwe, madzi akowo uzithirira maluwa. Iyi imamwa dizilo."

Alendo anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Amuna anga anavala chipewa chawo n'kubwerera ku khasu. Tsiku limenelo sanadye bwino.

Lamulungu lachiwiri abwana anailiza injini nthawi yotalikirapo. Lamulungu lachitatu kunabwera alendo a magalimoto anayi, ndipo abwana anafuna kuti amve mphamvu yake. Anakankha chitsulo cha moto mpaka kumapeto. Ine ndili kuseri ndinamva fungo ngati la tayala limene ana aponya pamoto. Amuna anga sanavule chipewa ulendo uno. Anathamanga, nalumphira m'boti osagwira makwerero, nadutsa abwana ngati sakuwaona, n'kukoka kachingwe kozimitsira. Kunangoti zii. Utsi unkatuluka m'bokosi la injini.

"Wakuuza kuti ukwere ndani?"

"Ikanapsa, bwana."

"Tsika. Ndi matope akowo."

Mawa lake m'mawa anawatuma ku msika wa ku Old Town kukagula mbewu za maluwa, ndipo iwo ali komweko abwana anabwera ndi makaniko. Ameneyu anali wa galaja ina yotchuka, yokonza magalimoto a mabwana. Anali ndi ovolosi yoyera ngati ya namwino, zolembera zitatu m'thumba. Ine m'moyo wanga wonse ndachapa maovolosi a munthu wa injini, ndipo ndikudziwa mmene amaonekera. Yake ija inali isanakumanepo ndi ntchito.

Ndinatenga zovala zouma kale n'kukaziyanikanso, kuti ndimve.

Anakwera, natsegula bokosi, naunika ndi tochi masanasana. Anayang'ana kutsogolo kwa injini, nayang'ana m'mbali, nagwada, nadzuka. Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono ngati dokotala amene wapeza matenda aakulu.

"Bwana, apa pachitika umbava. Rediyeta palibe. Fani palibe. Injini ingalephere bwanji kutentha?"

"Rediyeta?"

"Yachotsedwa. Ndipo taonani, ngakhale pamene panali mabawuti sipakuoneka. Wachita izi ndi munthu wodziwa ntchito."

Adona anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Anati, "Uja wa m'maluwa paja amati anagwirapo za mainjini."

Basi mlandu unathera pomwepo, mboni zake zimenezo. Amuna anga atafika ndi mbewu zawo m'kapepala, abwana anawauza ali chiimire pa masitepe: pofika Loweruka rediyeta ikhale itabwerera, apo ayi aitana apolisi, ndipo ife tikhale titatuluka m'kanyumba kaja.

Amuna anga atalowa m'kanyumba kathu anakhala pa mpando n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Anasiya ataona kuti ine ndatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

"Mayi, mverani kuno," anatero. "Galimoto imanyamula madzi ake m'chitini chifukwa pamsewu palibe madzi. Chitinicho ndiye rediyeta. Nanga boti linyamulirenji chitini litakhala pa nyanja yonse? Limayamwa madzi pansi, amazungulira mu injini, n'kutulukira kumbuyo limodzi ndi utsi. Rediyeta mulibe, ndipo simunakhalepo."

"Ndiye kawauzeni, bambo."

"Ndinawauza. Yankho munalimva nokha."

Iwo maganizo awo anali oti tizipita. Ankati munthu amene wakutcha wakuba pamaso pa mkazi wako sungamuthirirenso maluwa. Ndinawafunsa kuti tizipita kuti, ndi ana awiri a pasukulu ndi wina wa kumsana. Ndinawauzanso kuti tikachoka mwakachetechete, Area yonse idzati zinali zoona. Anatuluka n'kukathirira maluwa omwewo.

Masiku atatu ndinapemphera ndikusesa, ndikuphika, ndikuchapa. Sindinapemphe zambiri. Ndinkangoti, Ambuye, inu mukudziwa kuti chinthucho kulibe, ndiye tikachitenga kuti?

Lachinayi, titachoka ku mapemphero a amayi, ndinapita kwa adona. Tinkapemphera mpingo umodzi, yunifolomu yathu inali imodzi. Ku tchalitchi ankanditcha amayi, kunyumba ndinali iwe. Ndinagwada pa khomo la khitchini ndisanavule n'komwe yunifolomuyo.

"Adona, ndapota nanu. Aloleni agwire injiniyo kamodzi kokha, amakaniko aja ali pomwepo. Ikakanika, tinyamuka tokha."

Anayang'ana panja. Ndinkaganiza kuti mawu a m'mapemphero aja akugwira ntchito mumtima mwawo. Kenako anati, "Maluwa anga a kuchipata angoyamba kumene kuphukira. Wina watsopano adzandiwonongera." Mulungu amayankha m'njira zake. Ine anandiyankha kudzera m'maluwa a kuchipata, ndipo ndinalandira.

Loweruka m'mawa makaniko uja anabwera, ovolosi yake itasitidwa. Amuna anga anatulutsa masipanala awo akale amene ankawasunga m'chiguduli pansi pa bedi. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi, mundibwereke mgolo wanu wochapira. Ndi kasopo."

Tinaugubuduza mpaka pambali pa boti. Anaikamo paipi ya maluwa kuti uzidzaza.

Anakwera, ndipo sanafune tochi. Anapita pa kachitsulo kozungulira kokhala ngati chivindikiro cha chitini cha polishi, namasula tizomangira take, n'kuyamba kutulutsa tizidutswa takuda. Anatiyala pa thabwa.

"Akulu, ichi n'chiyani?" amuna anga anamufunsa makaniko uja mwaulemu.

"Zinyalala."

"Kanali kagudumu ka labala, ka mapiko. Ndi kamene kamakoka madzi. Kakazungulira pouma kamapsa, n'kuthothoka chonchi."

Anayamba kulumikiza tizidutswato ngati mbale yosweka. Anawerenga mapiko, napeza kuti limodzi likusowa. Anamasula paipi ina, naiuzira, nalowetsamo waya, mpaka kachidutswa kotsala kanagwera m'dzanja lawo. Anati kakatsalira m'kati kamatseka njira, ndipo ungaike chatsopano injini n'kumatenthabe. Abwana anayang'ana wotchi yawo.

Chatsopanocho sanapite nacho kutali. Pansi pa mpando wa boti panali kabokosi kamene mzungu uja anasiya, muli timagudumu tiwiri tokulungidwa m'pepala, masefa a dizilo ndi buku. Milungu itatu abwana ankakhala pa mpando umenewo atavala chisoti, osadziwa kuti umatseguka. Amuna anga anapaka sopo wanga pa kagudumuko kuti kasayambe pouma, nakalowetsa, natseka. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, naupaka pa chala, nanunkhiza. Ndinaona mapewa awo akutsika, ndipo ndinadziwa kuti injini sinafe. Anatenga paipi imene imayamwa madzi pansi pa boti, nailumikiza ndi ina, n'kuiviika mu mgolo wanga.

Makaniko anali atapita kumbuyo kwa boti, atanjuta pafupi ndi potulukira utsi.

"Akulu, sunthani kumbuyoko."

"Madala, ine ndimadziwa poima."

Analiza. Thu thu thu. Poyamba kunatuluka utsi wokha. Ndinkayang'ana mu mgolo, milomo ikupemphera yokha. Kenako ndinaona madzi akutsika pang'ono, akuzungulira pa kamwa ya paipi. Kumbuyo kunamveka kutsokomola, ndipo boti linalavula madzi akuda, mwaye wonse wa milungu itatu, pachifuwa pa ovolosi ija. Zolembera zitatu zonse zinasamba.

Sindinaseke. Ndinaluma nsonga ya chitenje.

Injini inalira nthawi yaitali, madzi akutuluka kumbuyo mogundagunda, akuyera pang'onopang'ono. Amuna anga anaika chikhatho pamwamba pake n'kuchisiya pomwepo.

"Gwirani, bwana. Yangofunda."

Abwana anagwira ndi chala chimodzi.

"Ee, ndi mtundu winawu," anatero makaniko akudzipukuta ndi mpango. "Ndinkafuna kunena zimenezo. Za ku nyanja zina zimabwera choncho."

Abwana anagwedeza mutu ngati anthu awiri ophunzira agwirizana. Anamutenga pa galimoto kukamutula ku Old Town. Asanatseke chitseko anatembenukira kwa amuna anga. Ndinaganiza kuti mawu aja oti pepani akubwera, a zilembo zochepa, amene ngakhale mwana wanga wa kumsana anawaphunzira chaka chomwecho.

"Chabwino. Kapinga wa apa wanyowa kwambiri, uone chochita."

Sutikesi ndinaibwezera pamwamba pa kabati. Za apolisi sizinatchulidwenso, za rediyeta sizinatchulidwenso, ngati kuti tinalota tonse.

Lamulungu lotsatira ndinawamva abwana ali pamwamba pa boti ndi chisoti chawo, akuphunzitsa alendo. "Anthu ambiri sadziwa," ankatero, "injini ya boti ilibe rediyeta. Imayamwa madzi pansi." Alendo anati abwana ndi ozama. Amuna anga anali pansi, atagwira paipi mu mgolo.

Mgolowo sunabwerere. Nditaufunsa, adona anati tsopano ndi wa boti. Ndinachapira m'beseni zaka zonse zimene tinakhala pamenepo, ndipo boti lija silinaione nyanja. Galimoto ya abwana inalibe mphamvu yolikoka, ndipo pofika pogula ina anzawo anali atasiya za Salima n'kuyamba za minda ya fodya. Linkangolira Lamulungu pansi pa mtengo, likumwa madzi a mumpopi. Amuna anga ndi amene ankalisamalira, kusintha oyilo, kutsuka sefa, kutulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo, popanda wowatuma. Ndinkawaona atatsamira pa bokosi la injini, atatchera khutu lawo labwino lija, maso atatseka. Pa chimenecho chokha ndimalithokoza botilo.

Tinakhala m'kanyumba kaja mpaka ana onse atatu anamaliza pulayimale, ndipo Mulungu anatisunga. Ndivomere kuti kwa nthawi yaitali, popemphera ku tchalitchi tikafika pa mawu okhululukira otilakwira, ine ndinkagwidwa chifuwa, makamaka ndikaona msana wa abwana pa benchi ya kutsogolo. Chifuwacho chinatha, koma mochedwa.

Chimene sichinathe ndi dzina. Alonda ndi ophika a m'nyumba zoyandikana anamva za Lolemba lija, koma za Loweruka palibe amene anawafotokozera, ndipo ena mpaka tinachoka ankatseka mageti tikamadutsa. Amuna anga anapita kwa Ambuye osamvapo pepani. Ndiye ndalemba izi ndi dzanja langa, ana anga ndi adzukulu awerenge. Bambo anu sanabe rediyeta. Boti lija linalibe rediyeta, ndipo pa anthu onse amene anaima pa kapinga uja, ophunzira ndi a matayi, amene ankadziwa zimenezo anali iwo okha.