Chikope cha Amalume pa Geti

"Ndiye mundiuze, munthu amagona ndi diso limodzi?" anatero amalume, akupinda kalata ija pakati. "Kapena andiyesa bakha?"

Inali kalata yachiwiri yowachenjeza kuti amagona pa ntchito. Yachitatu ikadzabwera, yunifolomu adzabweza.

Amalume ndi mlonda wa masana pa geti la kampani yogulitsa simenti ndi matailosi. Akhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'kanyumba ka malata kokwana mpando umodzi ndi ndowa ya mchenga yozimitsira moto. Chikope chawo chakumanzere chinayamba kugwa ine ndisanapite kunja kukaphunzira. Pobwera ndinapeza chitaphimba theka la diso. Madalaivala a malole amawatcha a Tsinzina, iwo n'kumavomera.

Zaka zonsezi anali ndi nzeru yawo. Zenera la kapitawo lili kumanja kwa geti, choncho mpando anauika moti kapitawoyo aziona diso labwinolo. Munthu akamawalankhula, ankakweza chibwano ndi kukwinya chipumi kuti chikope chikwereko, ngakhale pofika poweruka mutu unkawawawa. Kenako kampani inapachika kamera kumanzere. Amene amaonera zithunzizo amakhala ku ofesi yaikulu ndipo sawadziwa. Iye amangoona mdala wotsinzina pampando.

Ine ndinali nditatha miyezi isanu pabalaza pawo, sutikesi yanga ili kuseri kwa sofa, makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chimene ndingachikonze. Ndinawakokera kuchipatala cha maso.

Adokotala, mayi wa mawu otsika, anayeza mpata wa maso onse awiri ndi karula kakang'ono. Anafunsa ngati chikopecho chinagwa mwadzidzidzi, ngati amalume amaona zinthu ziwiriziwiri, ngati dzanja kapena mwendo unafookapo.

"Zikanakhala zimenezo, bwenzi tikukayikira mitsempha, ndipo sindikanakulolani kupita kunyumba," anatero. "Koma izi ndi kamnofu kokweza chikope. Katamuka ndi zaka, ngati lasitiki wa kabudula."

"Kabudula amasokedwa, adokotala."

"Ichinso chimasokedwa, bambo. Opareshoni yake ndi yaing'ono. Koma pamndandanda pali anthu ambiri, mudikira miyezi isanu ndi umodzi. Mukachitidwa, mupume sabata ziwiri, kutali ndi fumbi la simenti."

Panjira amalume anangoti, "Mpando wa mlonda suzizira, mphwanga. Ukausiya masiku atatu, umapeza wina ataufunditsa."

Apa ndi pamene ndinalakwa. Kumene ndinali, munthu akadwala amalembera mabwana ake, iwo n'kumusinthira zinthu. Ndinalemba kalata ya masamba awiri, Chingerezi chothyakuka, yopempha kuti kamera isunthidwe, ndi kumatapo pepala la adokotala. Amalume anandiletsa kawiri. Azakhali, akazi awo, anati, "Iwe, njoka yogona saiponda kumchira." Ndinaitumizabe.

Yankho silinachedwe. Kampani inathokoza kwambiri chifukwa choidziwitsa kuti mlonda wake ali ndi vuto la maso. Inati kumapeto kwa mwezi kudzabwera bwana wa ku ofesi yaikulu kudzaona yekha ngati munthu wotere angalondere geti.

Amalume sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka. Anawerenga kalatayo atapendeketsa mutu chakumbuyo, n'kuiika pansi pa wailesi.

"Kale ndinali waulesi," anatero. "Waulesi amamuchenjeza katatu. Wodwala amamuthokoza kamodzi, basi."

Loweruka ndinawaperekeza kusitolo ya mankhwala. Anapempha pulasitala wopyapyala, wa mtundu wa khungu. Mayi wogulitsa anawayang'ana kumaso n'kuzindikira.

"Wokwezera chikopecho, bambo? Musamate tsiku lonse. Diso likapanda kuphethira limauma, limachita zilonda."

"Bwana wake sakhalitsa," anatero amalume. "Anthu a mataye amadana ndi fumbi. Mphindi khumi zokha."

"Nanga kamera ija?" ndinafunsa. "Iyo sichoka."

"Iwe unaphunzira, undiuze."

Pakhomo pa sitolopo panali galasi loyesera magalasi a maso. Amalume anaima pamenepo, nakweza chikope ndi chala. Kwa kanthawi ndinaona nkhope imene ili pa chithunzi cha ukwati wawo, maso onse awiri ali gwa, aukali pang'ono. Atachotsa chala, chikope chinatsika pang'onopang'ono ngati chitseko cha sitolo yoweruka.

"Azakhali ako ali ndi dzanja labwino pa sizasi," anatero. "Adzandidulira timizere tating'ono, toti bwana asationere patali. Tiyeseza mawa. Iwe udzakhala bwanayo, poti Chingerezi uli nacho."

Minibasi inali yodzaza, choncho tinayenda wapansi, iwo kumanzere kwanga monga mwa masiku onse, kuti ndiziona mbali yabwinoyo. Ndinapempha kuwanyamulira kapepala ka pulasitalako. Anakana, nakaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.