Chala cha bambo pa kolala

Bambo anga ankakonza njinga zamoto za akabaza m'mbali mwa msewu ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu, ndipo manja awo sankayera ngakhale Lamulungu. M'mawa wa tsiku limene anagwa kuntchito osadzukanso, anandiimitsa pakhomo.

"Iwe mayi, kolala yapindika. Ukufuna anthu aziti kwathu kulibe galasi?"

Anaiwongola, ndipo chala chawo chachikulu chinasiya chidindo chakuda cha girisi kunsi kwa kolala ya bulauzi yanga ya sukulu. Ndinadandaula. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Pepani bwana."

Maliro atatha ndinabwerera kusukulu, koma bulauziyo ndinkaopa kuichapa. Chidindo chija ndicho chokha cha bambo chimene chinali changachanga.

Tsiku lina aphunzitsi a sayansi analowa ndi mabotolo. Anathira mchere m'madzi, unasungunuka. Anathira mafuta, anangoyandama. Anatiuza kuti tizidutswa tosaoneka timene timapanga madzi tili ndi mbali ziwiri zosiyana, ngati maginito. Timakoka mchere uku ndi uku mpaka kuumwaza, koma pa girisi tilibe pogwira.

"Girisi amasungunuka mwa mnzake, monga palafini," anatero. "Sopo ndiye mkhalapakati, dzanja lina m'madzi, lina m'mafuta."

Ine m'kalasi sindinkayankhula, koma tsiku limenelo ndinakweza dzanja.

"Ndiye kuti madzi okha sangachotse girisi?"

"Ngakhale utachapa mpaka Khirisimasi."

Anzanga anaseka. Ine ndinapuma.

Kuyambira pamenepo bulauziyo ndinkachapa ndekha, kolala nditaifumbata kuti thovu lisaikhudze. Ndinkangoitsukuluza ndi madzi ozizira a pampopi. Mvula yowaza ya Mzuzu inkainyowetsa pachingwe, koma timizere ta chala chija tinalipobe. Sindinauze aliyense, ngakhale amayi.

Kenako kunabwera azakhali, alongo a bambo, kuchokera ku Dedza kudzathandiza pakhomo. Loweruka lina ndikuchokera kokonzekera kwaya, ndinamva fungo la palafini ndisanalowe mumpanda. Bulauzi yanga inali pachingwe.

"Mwana wa achimwene, bwera uone," anandiitana azakhali. "Amayi ako chisoni chawafoola, koma iwe usamayende ngati ulibe abale. Kalitsiro kaja kanalimba mutu, koma ndathana nako. Palafini pang'ono, kenako sopo. Taona, mbee!"

Zala zawo zinali zitanyuka ndi kufikisa. Ankandiyang'ana ndi maso ofanana ndi a bambo, akudikira kuti ndisangalale. Ndinagwada n'kuthokoza.

"Yewo chomene, azakhali."

"Ha! Mwasanduka Atumbuka eti?" Anaseka, n'kulowa m'nyumba.

Ndinatembenuza kolala, ndinaiyang'anitsitsa padzuwa. Panalibe kanthu.

Lolemba m'mawa ndinavala bulauziyo, ikununkhabe palafini. Pakhomo ndinamva kuti kolala yapindika kumbuyo. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinanyamuka ili chipindikire.