Achimwene anga anali telala wa pakhonde

Loweruka likubwerali tikukavundukula chiliza cha achimwene anga. Ana awo ndi omwazikana: wina ali ku Joni, wina ku Lilongwe, wamkazi, Esinati, ali ku Naperi konkuno. Ndiye anagwirizana kuti mbiri ya malemu ailembere pamodzi pafoni, tsamba limodzi, aliyense kumawonjezera kapena kufufuta ali komwe aliko.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, koma mawu ndili nawo. Ndikatsokomola mumsika wa Limbe, a ku Chichiri amacheuka. Choncho ndinajambula mawu n'kuponya pagulupu ya banja, mphindi naini zathunthu. Ndinanena kuti achimwene anali telala pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe, kupalasa makina mpaka mapazi kutupa.

Lachitatu ndinapita kwa Esinati kuti andiwerengere. Mbiri ikuti malemu anali katswiri pa bizinesi ya zovala. Telala mulibe. Khonde mulibe. Nditafunsa kuti wafufuta ndani, akuti sakudziwa, aliyense amagwirapo. Tsono ndikalipire ndani? Foni?

Kenako anaulula kuti mawu angawo amawamvera mothamangitsa, n'kundiyatsira kuti ndimve ndekha. Abale anga, mwamuna wa mawu ngati bingu ndikulira ngati kamwanapiye.

Ndinayamba kulusa, iye n'kundikumbutsa kuti pa mphindi nainizo, seveni ndinkakamba za ine: mmene ndinawaperekezera achimwene kofunsira mbeta, mmene ndinagwirira mbava padepoti. Apo ndinayang'ana kudenga. Zimenezo afufutedi, sindidandaula kwambiri.

Komabe taganizani. Kale tikakhala pansi kukambirana, wokutsutsa umamuona nkhope, umamuyankha. Lero ntchito ikuyenda mwachangu, inde, wa ku Joni safunika basi, koma mawu omaliza ndi a yemwe wakhudza foni komaliza. Ndikumva kuti m'maofesi ndi m'makomiti a kutchalitchi ndi momwemonso.

"Bambo aang'ono, telala sizimveka bwino pagulu," anatero Esinati.

"Makina ukuchita nawo manyaziwo ndi amene anakuika mu ofesi iwe."

Analemba telala ine ndikuona, chala changa chili pomwepo ngati ndikudziwa kuwerenga bwino.

Koma Loweruka silinafike, ndipo wa ku Joni foni yake ili m'manja. Akadzuka n'kufufutanso, abusa adzawerenga mbiri ya ndani pamanda paja: achimwene anga, kapena mkulu wina wabizinesi amene ine sindinakumanepo naye?